Tsiku limene tinadya mavoti a chimbudzi

Ine ntchito yanga ndi mtedza. Wokazinga, wamchere, woti ukauponya m'kamwa umayankha wokha kuti kukutu kukutu. Ndimaugulitsa pamsika wathu wa kumalire kuno ku Mchinji, kumene tambala akalira ku Malawi mnzake amamuyankha ali ku Zambia. Malo anga ndi pansi pa mtengo wa mango: beseni patsogolo, kambale koyezera m'manja, nyimbo pakamwa. Ndakhala pamenepo kuyambira mwana wanga wamkazi ali kumsana, ndipo lero iyenso ali ndi ake anayi omutcha amayi.

M'mawa uliwonse pamsika pamadutsa a matikiti. Iwo akudulira kapepala, iwe upereka ndalama, basi tsiku waligula. Wagulitsa, tikiti. Sunagulitse, tikiti. Mvula yakunyowetsa mpaka mtedza wafewa ngati nyemba zophika, tikiti yomweyo. Umenewo ndiwo msonkho wa pamsika, ndipo ine sindinaukanepo ayi. Ndimaupereka ndikuyimba:

Tenga, boma, tenga,
mawa udzandikumbuke,
tenga, boma, tenga!

Chovuta chinali chimodzi. A matikiti a pamsika pathu ndi akamwini anga, amuna a mwana wanga yemwe uja. Tsono mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, ngakhale atavala malaya a khonsolo. Ankafika cham'mbali ngati nkhanu, nkhope italoza ku Zambia, n'kuika tikiti pamwala. Ine n'kuika ndalama pamwala pomwepo, nkhope italoza ku Lilongwe.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" ankafunsa mtengo wa mango.

"Tadzuka, kaya inu bambo," ine ndinkayankha beseni.

Choncho boma linkalandira zake, ulemu nawo unkalandira zake, ndipo mwala uja unasalala ndi ntchito.

Chaka china mvula inagwa masiku atatu osapuma, chimbudzi cha pamsika n'kugwada. Chinali chakale, cha zidina, chotopa. Chinangopendekeka pang'onopang'ono n'kulowa m'dzenje lake lomwe. Mwamwayi munalibe munthu. Amuna sanadandaule kwambiri, poti kwa mwamuna khoma lililonse ndi m'bale wake. Nanga ife amayi? Tchire lapafupi lili kutsidya kwa kamtsinje, ndipo kutsidyako ndi dziko la eni. Ndiye tinkapereka msonkho ku Malawi, kukadzithandiza ku Zambia, popanda chiphaso, kawiri kapena katatu patsiku. M'dzinja chimanga chinkatibisa. Akakolola, mayo ine, munda wonse mbee, uyende mpaka ukapeze chulu. Mwini mundawo, mayi wa kutsidya, ankatikuwira ali pakhonde pake: "Imwe amai a ku Malawi, boma yanu ilibe chimbuzi? Manyowa yakwana, zikomo, pelekani kwina!"

Ndili mtsikana kamtsinje kameneko ndinkakadumpha ngati mbuzi. Koma tsopano mawondo amayamba akangana kaye asanadzuke, ndipo chikhodzodzo sichidziwa mawu oti dikira. Tsiku lina ndinaponda mwala woterera, n'kukhala m'madzi kuti khuvu! Ndinabwerera ndikudontha, n'kupeza mbuzi ya eni yalowetsa mutu m'beseni langa, ikutafuna ngati yalipira. Madzulo ake mwana wanga anandithira mafuta m'chiuno, akulankhula mano ali pamodzi.

"Amayi, zakwana. Lero ndi chiuno, mawa tikakutolani kumunsi kwa mtsinje. Pamsika paja pakapanda kumveka za chimbudzi, mvula yoyamba ikangogwa beseni ndikubisani. Mukhale pakhomo."

Ine kukhala pakhomo? Kumayang'anizana ndi nkhuku kuyambira m'mawa? Ine ukwati wa munthu ndimaumvera pamsika, maliro pamsika, mtengo wa feteleza pamsika, miseche yotentha pamsika. Kundichotsa pamenepo n'chimodzimodzi kundiika m'manda maso akuphethira. Ndinangoti, "Ndamva."

Patapita milungu ingapo akamwini anauza mtengo wa mango kuti Lachinayi kubwera abwana a ku khonsolo kudzafunsa anthu chimene akufuna chilowe m'bajeti. Ine ndinatembenukira kwa anzanga a tomato, amene amakhala kumanzere kwanga. Iwowa anachokera kummwera kudzalima fodya pa esiteti, fodya n'kuwakana, tomato n'kuwalola. Mawu awo akafuula amakafika kuboda.

"Achemwali, mwamva?" anatero. "Lachinayi tikachitenge chimbudzi chathu. Mudzavale chitenje cha kutchalitchi."

Koma tinali ndi opikisana nawo. Anyamata a njinga za kabaza ankafuna shedi yobisalamo dzuwa, ndipo mkulu wawo ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, nkhalamba ya dazi imene inakana kutsika panjinga. Pachisuweni iye amanditcha mkazi wake, ine ndimamutcha mwamuna wanga wopanda mbuzi, ndipo takhala tikutukwanizana chomwecho kuyambira tili opanda zovala.

"Mkazi wanga," anandikuwira akudutsa, "Lachinayi usavutike kubwera. Shedi ikamangidwa ndidzakulola uzibisala kuseri kwake."

"Dazi lakolo likufunadi denga," ndinamuyankha, "likutithobwa m'maso."

Lachinayi linafika. Msonkhano unali pabwalo, pafupi ndi chigayo. Amuna anakhala kutsogolo pamabenchi, ife amayi kumbuyo pazitenje zathu, monga mwa masiku onse. Ine beseni langa ndinabwera nalo, nditalivindikira ndi nsalu, poti mbuzi ija inali itandiphunzitsa. Magetsi anali atazima, chigayo chili zii, ndiye mawu ankamveka bwinobwino.

Abwanawo anali mayi, wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wanga, nsapato za gogoda zikumira mumchenga. Koma pakamwa anali wakupsa.

"Amayi ndi abambo," anayamba, "ndalama za boma sizigwa ndi mvula. Zimachokera kwa inu nomwe. Matikiti a pamsika pano, ziphaso za magolosale, za chigayo ichi, zonsezo zimabwera ku khonsolo. Zina zimachokera ku Lilongwe, koma nazonso n'zanu zomwe. Malole amene mumawaona atandanda paboda amasiya msonkho. Inu mukagula shuga, mukagula sopo, kachidutswa kake kapita ku boma."

"Ooo!" anafuula anzanga a tomato. "N'chifukwa chake sopo akunka nachepa!"

Anthu anaseka, abwana nawo anaseka.

"Tsono zonsezo zimalowa m'nkhokwe imodzi," anapitiriza, "koma pakamwa podikira m'pambiri: zipatala, masukulu, misewu, misika. Bajeti ndi zimene mumachita inu mukakolola. Mumakhala pansi n'kunena kuti ichi n'chakudya, ichi ndi mbewu, ichi tigulitse. Ana onse akulira nsapato, koma chaka chino zikwanira mwana mmodzi. Ndiye msika uno usankhe chinthu chimodzi, ine ndikachitule kutsogolo."

Ine ndinagwedeza mutu mpaka duku linamasuka. Zimenezo ndiye ndimazidziwa! Bajeti ndakhala ndikuipanga pamkeka zaka zonsezi, osadziwa kuti ili ndi dzina la muofesi.

Kenaka anatulutsa mabeseni atatu n'kuwaika kutsogolo kwa mabenchi, lililonse ndi pepala lake lojambulidwa. Ife kumbuyo tinkangoona misana ya amuna ndi dazi la msuweni wanga. Abwana anakweza dzanja kuti afotokoze kasankhidwe kake, ndipo nthawi yomweyo magetsi anayaka. Chigayo chinadzuka: gugugugugu! Amayi a zigayo zawo anali atadikira kuyambira m'mawa, mwini chigayo sakanawabweza. Pakamwa pa abwana pankatseguka n'kutsekeka ngati pa nsomba. Amuna kutsogolo ankagwedeza mitu. Ife tinkagwedezanso, kuti tisaoneke operewera.

Tili choncho tinangoona adalaivala a galimoto ya khonsolo, bambo wa imvi zake, akuyenda pakati pathu ndi kathumba. Aliyense ankamuwerengera njere khumi za mtedza m'manja. Amalankhula kanthu, koma chigayo chinkawameza mawu.

Tsono mumvetse. Kwathu kuno alendo a galimoto akaitanitsa msonkhano, pamakhala kenakake kapakamwa: banzi, kabotolo kozizira, nthawi zina mpunga. Ndiponso mlendo akakuninkha chakudya m'manja, suchiyang'anitsitsa ngati ukumukayikira. Umawomba m'manja, umathokoza, umadya.

"Achemwali," anandinong'oneza anzanga a tomato, kunong'ona kwawo kuja komveka kuboda, "boma lasauka. Kuchoka pa mabanzi kufika pa njere khumi?"

"Musanyoze," ndinatero. "Umenewu ndi msonkho wathu uja, wabwera kudzationa."

Ndinaponya imodzi m'kamwa. Wauwisi! Wosakazinga, wopanda mchere, wina wofumbwa. Ndinamva chisoni kuti boma lonse lathunthu lilibe munthu wodziwa kusankha mtedza. Komabe ndinayambitsa kanyimbo chapansipansi, amayi n'kumavomera akutafuna:

Msonkho wanga wabwera,
wabwera wosakazinga,
ndiudya chomwecho, ndi wanga!

Tinadya. Amayi a usipa anadya, a zitumbuwa anadya, a makala anadya, a kaunjika anadya mpaka kunyambita chikhatho. Tinkaona amuna akudzuka mmodzimmodzi, kupita kutsogolo, kuwerama, kubwerera. Tinati mwina akukathokoza.

Ndiye chigayo chinamaliza thumba lake n'kukhala chete. Mawu a abwana anatulukira poyera ngati munthu wovuuka m'madzi.

"Abambo atha. Tsopano amayi, bwerani ndi njere zanu zija. Njere iliyonse ndi voti. Muponye m'beseni la chinthu chimene mukufuna: ili ndi la shedi, ili la mpanda wa msika, ili la chimbudzi."

Zii.

Kunamveka nkhunda yokha kudenga la chigayo. Anzanga a tomato nsagwada zinali zikuyendabe, anaziimitsa pang'onopang'ono ngati njinga yopanda mabuleki.

"Njere zake ziti, bwana?" anafunsa.

Abwana anatiyang'ana m'manja. Anatiyang'ana pakamwa. Anayang'ana adalaivala. Msuweni wanga ndiye anayamba kuzindikira, ndipo anagwa pabenchi, miyendo m'mwamba.

"Adya! Anthuni, adya! Mkazi wanga wameza chimbudzi ndi chitseko chomwe!"

Amuna anaseka chikhakhali mpaka ena kutsokomola. Mwa amayi tonse, amene anatsala ndi njere anali agogo a fodya wamphuno okha, poti m'kamwa mwawo mulibe dzino ndi limodzi lomwe, ndiye anazimanga pansonga ya chitenje kuti akapatse mdzukulu. Anadzuka ndi ndodo yawo, nakaziponya m'beseni la chimbudzi: ngwe, ngwe, ngwe. Zinalira momvetsa chisoni m'beseni lopanda kanthu. La shedi linali litafika pakati.

Kathumba ka adalaivala kanali katatha. Abwana anaitana apampando a msika, napita nawo pambali pa galimoto kukakambirana chochita. Ine m'maso mwanga munabwera nkhuku za pakhomo, zitandandalika, zikundidikira.

Apo anzanga a tomato anandigwira ndi chigongono, maso ali pansalu yovindikira beseni langa.

"Achemwali, mtedza ndi mtedza. Uli ndi dzina?"

Ndinadziwa kuti n'kulakwa. Ndinadziwa ndithu, ndine munthu wa kwaya. Koma dzanja langa linali litavundukula kale. Beseni linayenda pansipansi pakati pa amayi, aliyense akutapa n'kubisa m'chitenje. Kenaka anzanga a tomato anaimirira, nayeretsa kukhosi.

"Bwana! Pepani, tazipeza! Tinangoziiwala m'zitenjemu, ukalamba!"

Tinanyamuka pamzere, tikuvina pang'ono, aliyense n'kukakhuthula m'beseni la chimbudzi. Tikanaponya khumikhumi mwina zikanapita. Koma ife ndife anthu a malonda, dzanja linazolowera kuika basela. A usipa anathira chikhatho chodzadza. A makala zikhatho ziwiri. Anzanga a tomato anakhuthula chitenje chonse n'kuchikung'untha. Ine pomaliza ndinakonza pamwamba kuti pakhale kansonga kokongola, monga ndimachitira ndi kambale kanga. Beseni la chimbudzi linaima ngati chulu.

Abwana anabwerera, nayang'ana chulucho nthawi yaitali.

"Tiwerenge," anatero. "Mbali iliyonse ipereke mboni."

Mboni ya a kabaza inali msuweni wanga. Anagwada pabeseni, natola njere imodzi, naitembenuza. Khungu lake linasupuka lokha. Anainunkhiza. Anaiponya m'kamwa. Kukutu.

"Bwana," anatero, maso atatsinzina, "voti iyi ili ndi mchere."

Anatolanso ina. Kukutu.

"Iyinso. Yokazinga bwino, pamchenga, moto wapang'ono. Dzanja ili ndikulidziwa, ndakhala ndikulibera kuyambira ndili mwana." Anatapa chikhatho chonse. "Ndiyenera ndiunike bwinobwino umboniwu."

"Siya mavoti anga, fisi iwe!" ndinakuwa, ndipo pamenepo ndiye ndinadzigwiritsa ndekha.

Bwalo lonse linaphulika. Adalaivala anagwira galimoto kuti asagwe. Abwana anabisa nkhope kuseri kwa mapepala, mapewa akugwedezeka. Koma atachotsa mapepalawo, kuseka kunali kutatha.

"Amayi, izi sindingalembe. Anthu mulipo ochepa, mavoti akukwana boma lonse. Ndikanena zoona ndiye kuti yapambana shedi, apo ayi ndilembe kuti msika uno sunagwirizane, mudikire chaka chamawa. Dzuwa lapendeka, ndipo misika ina ikundidikira."

Anayamba kupinda mapepala.

Nkhani ya kuchimbudzi munthu wamkulu sainena pagulu, makamaka pali amuna, makamakanso pali mkamwini. Akamwini anga anali ataima pambali pa apampando, buku la matikiti kukhwapa, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Ndinadzuka, mawondo akukangana, n'kulankhula ndi mpweya.

"Ngati pano pali munthu amene anakwatira kunyumba kwanga, apite akaone ngati matayala a galimotoyo ali ndi mpweya wokwanira."

Anapita chothamanga, nakagwada kuseri kwa galimoto.

"Bwana, mwana wanga," ndinatero, "mtedzawo ndi wanga. Koma kuba sindinabe, ndawonjezera. Wakuba amachotsa."

"Agogo," anandiyankha mofatsa, "mukawonjezera inu lero, mawa awonjezera a golosale. Iwo ali ndi matumba, inu muli ndi beseni. Adzapambana ndani?"

Apo mwanayo anali atanena zoona.

"Chabwino, ndalakwa," ndinatero. "Koma mundimvere. Amayi tonse mukutionawa timadula tikiti tsiku lililonse. Mimba ikatipotokola timawoloka mtsinje kupita m'dziko la eni. Apakati amawoloka, a ana kumsana amawoloka, agogo awa a ndodo amawoloka. Ine ndinagweramo, chiuno ichi mpaka lero chimalira. Mwana wanga wati mvula ikagwa ndisadzapondenso pamsika pano. Njere zanu tadya, inde, poti kumbuyo kuno tinkamva chigayo chokha, ndipo munthu akatipatsa chakudya ife timathokoza. Kodi chimbudzi chitithawe chifukwa cha ulemu?"

Palibe anaseka. Amayi ena anayamba kuyang'ana amuna awo pamabenchi, kuyang'ana kuja kumene mwamuna amadziwa kuti madzulo kuli mlandu.

Abwana anatambasulanso mapepala.

"Kulakwa kwina n'kwanga," anatero. "Ndinafotokozera mabenchi okha. Tiyambirenso, koma tsopano popanda chodyedwa. Aliyense akaime kumbuyo kwa beseni limene akufuna. Munthu mmodzi, thupi limodzi. Basela ayi."

Eee, mukanaona! Amayi tinanyamuka ngati dzombe. Mzere wa chimbudzi unachoka pabwalo, kudutsa chigayo, kukafika pa ogulitsa makala. Amuna anayamba aima ku shedi, koma a zitumbuwa anangoti, "Bambo a ana, mwaima kuti?" ndipo bamboyo anasamuka ngati waitanidwa ndi apolisi. Wina anatsatira, winanso. Akamwini anga anatuluka kuseri kwa galimoto, nazungulira kutali kuti asandidutse pamaso, nakaima kumapeto kwenikweni kwa mzere wathu.

Ku shedi kunatsala anyamata owerengeka ndi msuweni wanga, akutafunabe. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenaka anabwera pang'onopang'ono nadzaima kumbuyo kwanga.

"Usaganize kuti ndakugonjera, mkazi wanga. Kuno kuli mthunzi."

"Ulipire mtedza wanga," ndinamuuza.

"Umboni salipira."

Abwana anawerenga mitu, nalemba. Tisanayambe nthungululu anakweza dzanja.

"Ili si lonjezo ayi. Pepalali lipita ku komiti ya chitukuko ya dera lino, kuchoka apo lipita kuboma. Kumeneko makhansala akaliika pamodzi ndi mapepala a ku Ludzi, a kwa Dambe, a kwa Zulu, onse akulira nsapato. Chimene ndikulonjeza n'chakuti lanu likafika."

Ife tinaimba nthungululu zomwezo, poti pepala lolembedwa ndi mwana wobadwa, kukula adzakula.

Koma chaka chimenecho silinakule. Kudera lina madzi anali atakokolola mlatho, ana a sukulu akuwoloka pamsana pa makolo, ndiye ndalama zinayamba zapita kumeneko. Ndani angakangane ndi mlatho wa ana? Ine ndinangoti chabwino. Mvula yoyamba inagwa, mwana wanga anasunga mawu ake, beseni analibisa kudenga.

Miyezi imeneyo, abale, sindiifunira ngakhale mdani. Ndinasesa bwalo mpaka linatsika. Nkhuku ndinazipatsa maudindo, ina apampando, ina msungichuma. Ndinayamba kuphunzitsa mwana wanga kuthira mchere m'ndiwo, mayi wa ana anayi, kumuuza kuti tsache sagwira choncho, kuti mwana samusambitsa choncho. Pofika mwezi wachiwiri, iye ndiye ankadikira amuna ake panjira.

"Bambo a ana, kodi bajeti ija ili pati? Kafunseni, chonde. Mukawauze kuti kuno kuli ngozi yoposa mlatho."

Mvula itatha anandibwezera beseni yekha, ndisanapemphe, koma anandiuza kuti dzinja likubweralo alibisanso. Ndinabwerera pansi pa mango wanga, kumawoloka nditagwira mkono wa anzanga a tomato, kumawerenga mitambo ngati mlimi wa fodya.

Ndiye tsiku lina madzulo, ndili pakhomo ndikusankha mtedza, akamwini anafika naima chapatali, nayang'ana mtondo.

"Amayi alowa m'bajeti," anauza mtondowo.

Ndinataya lichero. Ndinavina kuzungulira bwalo, chiuno chija chinaiwala kuti chimadwala, adzukulu akuwomba m'manja, akamwini atathawira kuseri kwa khola kuti asaone apongozi akudumpha.

Ndalowa, ndalowa,
ndalowa m'buku la boma,
osati ngati wakuba,
ndalowa ngati chimbudzi!

Khonsolo inati simenti, malata ndi amisiri ndi zawo, mchenga ndi njerwa ndi zathu. Amayi tinasenza mchenga pamutu. A kabaza anatuta njerwa panjinga, msuweni wanga akudandaula ulendo uliwonse kuti akumanga nyumba ya mkazi amene sanamuphikirepo. Khoma linakwera, denga linakhomedwa, mitambo isanasonkhane.

Tsiku lotsegulira kunali ngati ukwati. Kunabwera akhansala, kunabwera abwana athu aja, tsopano atavala nsapato zafulati. Kwaya ya amayi inabwera ndi ng'oma. Pakhoma analembapo ndi penti yabuluu, ndipo ndinawerenga ndekha chilembo chimodzichimodzi, monga anatiphunzitsira kusukulu ya kwacha: AMAYI. Akhansala anadula kansalu ndi sizasi, nafunsa kuti ayambe kulowa ndani.

Msika wonse unaloza ine.

Ndinalowa ngati mkwatibwi, nthungululu kumbuyo. Ndinatseka chitseko, chitseko chenicheni, chokhala ndi loko wake. M'katimo simenti yosalala, fungo la penti, kawindo kolowetsa mphepo, pakona chigubu cha madzi. Ndinakonzeka bwinobwino.

Palibe chinabwera.

Chikhodzodzo chija chosadziwa kudikira, chimene chinandigwetsera mumtsinje, tsiku limenelo chinagwidwa ndi manyazi. Nanga panja anthu mazanamazana, ng'oma ikulira, akhansala ataima ndi sizasi m'manja, onse makutu ali kuchitseko changa! Ndinachinyengerera. Ndinachiopseza. Ndinachikumbutsa za mtsinje. Chinangoti phee.

Ng'oma inaleka. Kunja kunagwa bata lodikira.

"Mkazi wanga!" anakuwa msuweni. "Wasamukira momwemo? Tikubweretsere mkeka?"

"Achemwali, musatichititse manyazi pamaso pa boma!" anawonjezera anzanga a tomato.

Ndinayang'ana chigubu chija. Chigubu chinandiyang'ana. Ndinachinyamula, n'kuchipendeketsa padzenje pang'onopang'ono, mwaulemu, kuti chuuuu.

Kunja kunaphulika nthungululu zoti mbalame zinathawa m'mitengo. Ng'oma inayambiranso. Ndinatuluka manja ali m'mwamba.

"Chikugwira ntchito!" ndinalengeza.

Akhansala anandigwira chanza. Abwana anandiyang'ana, anayang'ana madontho a madzi pachitenje changa, nakweza nsidze imodzi, nayang'ana kumbali. Mwana woleredwa bwino ameneyo.

Alendo anapita, ng'oma inapita, msika unabwerera m'malo mwake. Cha m'ma thiri koloko, dzuwa litapendeka, aliyense ali pa malonda ake, ndinamva kuitana kwenikweni. Nthawi yomweyo panafika dalaivala wa lole, wochokera kuboda, akufuna mtedza.

"Ndidikireni pang'ono, bambo," ndinamuuza.

Ndinayenda masitepe ochepa chabe, pouma, popanda mwala woterera, popanda wondigwira mkono. Palibe anandiona, palibe anaimba. Zonse zinayenda monga Mulungu anakonzera. Ndinasamba m'manja n'kubwerera, n'kupeza bamboyo akadasanthula m'matumba kufuna ndalama zachitsulo.

"Mwabwera kale, agogo? Ndimayesa mwapita kutali."

"Kutali kunali kale, mwana wanga," ndinatero, ndikukhala pansi. "Mbale zingati?"